ZOMERA ZA M'THANKI YA NSOMBA: ZAZING'ONO NDIZO ZIMAKHALITSA

Masiku ano si cacilendo kulowa m'nyumba ya m'komboni ndi kupeza thanki ya galasi ili pa kabati, tinsomba ta mitundu-mitundu tikusambira m'katimo. Azungu amaichula aquarium. Ena amagula yopanga kale m'masitolo a ku Lusaka, ena amapita kwa odula magalasi a mawindo kuti awamatire ndi silikoni. Ana amaikonda, ndipo akulu obwera ku nchito atatopa amakhala pansi ndi kumaipenya. Sikuti amataya nthawi. Mu 2015 ofufuza a ku mayunivesite a Plymouth ndi Exeter ku England anapeza kuti anthu oyang'ana nsomba m'thanki yaikulu mtima wao unali kugunda mofatsa, ndipo BP inali kutsikako pang'ono. Thanki siingalowe m'malo mwa mankhwala a BP, koma imabweretsa bata pabalaza.

Cobvuta ndi zomera za m'thankimo. Kawiri-kawiri nkhani yace imatha mofanana. Bambo wa pa nyumba agula mtolo wa zomera zofiira zokongola, nazibzala m'timiyala. Sabata yoyamba alendo onse ayamikira. Sabata yacitatu masamba ayamba kuyoyoka, madzi acita mbuu, ndipo pabalaza payamba kumveka kafungo. Poona kuti ndalama zapita, bamboyo atuma mwana kudambo kukazula zomera zaulere. Mwanayo alowa m'madzi mpaka m'maondo, nabwera ndi zomera pamodzi ndi nkhono zace. Apa nkhani yacoka pa kukongoletsa nyumba, yafika pa umoyo wa banja.

Zonsezi zingapewedwe pa tsiku logula. Comera coyenera nyumba ya m'komboni ndi cija cacing'ono, cokula pang'ono-pang'ono, cosafuna kuwala kwambiri, ndiponso cocokera m'thanki ina yaukhondo osati kumtsinje. Zomera zotero zilipo, ndipo mitundu inai cabe ikwanira.

NCHITO YA ZOMERA M'MADZI

Mu 1850 katswiri wa sayansi wa ku London, dzina lace Robert Warington, anaika tinsomba tiwiri ta goldfish m'cotengera ca galasi pamodzi ndi comera ca masamba atali-atali cochedwa Vallisneria. Masamba akale atayamba kuola, anaonjezamo nkhono zocepa kuti zidye zoolazo. Madzi anayera, ndipo nsomba zinakhala bwino kwa nthawi yaitali. Motero anaonetsa kuti nsomba ndi zomera zimathandizana.

Kuthandizanako kuli motere. Masana, pakakhala kuwala, zomera zimatenga mpweya wa carbon dioxide umene nsomba zimatulutsa, ndi kubweza mpweya wa okosijeni umene nsomba zimapuma. Nsomba zimatulutsanso amoniya, amene akaculuka amapha nsomba zomwezo. Tizirombo tabwino tosaoneka ndi maso, tokhala m'timiyala ndi mu sefa ya madzi, timasandutsa amoniyayo kukhala nitrate, amene ndi wofatsako. Zomera zimadya zonse ziwiri ngati feteleza. Masamba amapatsanso ana a nsomba pobisala, popeza nsomba zazikulu zimadya ana ao omwe.

Usiku zinthu zimatembenuka. Kukada zomera zimaleka kupanga okosijeni, koma sizileka kupuma. Ngati thanki yadzaza ndi zomera zokula msanga, usiku wotentha wa mu October magetsi atapita ndipo pampu itaima, kumaca nsomba zili pamwamba pa madzi, kukamwa kuli yasa. Comera cakufa naco cimaola, ndipo kuola kumadya okosijeni ndi kuonjezera amoniya. Ncifukwa cace cofunika si kuculuka kwa zomera, koma zomera zocepa zimene sizifa.

MAFUNSO ANAI MUNTHU ASANATULUTSE NDALAMA

Loyamba ndi la magetsi. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo m'miyezi ina nyumba zambiri zinali kukhala maola 17 kapena kuposa pa tsiku zopanda magetsi. Comera cofuna nyali yamphamvu maola 10 tsiku lililonse sicingapirire nthawi yotero. Cofunika ndi comera cimene kwao cimamera pamthunzi, cokhutira ndi kuwala kwa pawindo pamene nyali yazima.

Laciwiri ndi la kukula kwa thanki. Thanki imene ambiri amayambira ndi ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 kupita m'mwamba, yolowa malita 54. Ikadzaza imalemera kuposa thumba la simenti, cotero kabati yace ikhale yolimba ndipo ana asathe kuikoka. Mukathiridwa timiyala, kuya kwa madzi kumatsala pafupi-fupi masentimita 25. Comera copitirira pamenepo cimapindika pamwamba ndi kuphimba zinzace. Tsono wogula afunse kuti comeraco cidzatalika bwanji cikakhwima, cifukwa m'sitolo zonse zimaoneka zazing'ono.

Lacitatu ndi la nsomba. Guppy, platy ndi tetra sizibvutitsa zomera. Goldfish imakumba pansi ndi kudya masamba ofewa. Mbuna za ku Nyanja ya Malawi, ndi tiana ta bream timene ana amabwera nato kucokera kudamu, zimazula ciliconse cobzalidwa mumcenga. Kwa nsomba zotero pafunika zomera za masamba olimba zomangirira pa mwala.

Lacinai ndi lakuti comeraco cacokera kuti. Ili ndilo funso lokhudza umoyo wa banja, ndipo lifotokozedwa pansipa.

ANUBIAS NANA

Ngati ndalama zikwanira comera cimodzi cabe, cikhale ici. Kwao ndi ku Cameroon, kumene cimamera pa miyala m'mphepete mwa timitsinje ta m'nkhalango zamthunzi. Ndi ca banja limodzi ndi koko wa m'madimba. Cimatalika masentimita 5 mpaka 15. Masamba ace ndi obiriwira modera, olimba ngati a mandimu, ndipo tsamba limodzi litha kukhala zaka. Pa mwezi cimaphuka tsamba limodzi kapena awiri basi. Cifukwa ca kulimba kwa masambawo, nsomba zodya zomera zimangocilambalala.

Pali lamulo limodzi loyenera kusunga. Tsinde lace ndi lobiriwira, lonenepa ngati pensulo, ndipo limayenda cogona ngati cikasu. Tsinde limeneli lisakwiriridwe mumcenga, cifukwa limaola ndipo comera conse cimafa. Ambiri amene amati Anubias ndi cobvuta anacipha mwa njira imeneyi. Cimangidwe ndi ulusi wosokera pa mwala kapena pa cikuni. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri mizu imagwira yokha, ulusi nkucotsedwa.

Ciikidwe pamthunzi, popeza pa kuwala kwambiri masamba ace amamera ndere. Cikakula, tsinde lidulidwe ndi lezala yoyera, cidutswa ciliconse cikhale ndi masamba atatu kapena anai. Motero comera cimodzi cimabala ca mnansi.

JAVA FERN

Dzina lace linacokera ku cisumbu ca Java ku Indonesia, koma cimameranso ku Malaysia, Thailand ndi maiko oyandikana nao, pa miyala ndi mizu ya mitengo ya m'mitsinje. Masamba ace ndi atali, osongoka kunsonga, ofika masentimita 15 mpaka 30, cotero malo ace ndi kumbuyo kwa thanki. Mtundu wochedwa Windelov ndi wofupikirapo, wa masamba ogawikana kunsonga, ndipo uyenera thanki yaing'ono. Nsomba sizikonda kudya masamba a Java fern.

Naco ici cili ndi tsinde logona, ndipo lamulo ndi lomwe lija: cimangidwe, cisakwiriridwe. Cikuni cabwino comangirirapo ndi ca tsanya, mtengo umene ena amati mupani, wopezeka wambiri ku cigwa ca Luangwa. Ndi colemera, cimamira cokha ndipo siciola msanga. Cikhale couma bwino, ciwiritsidwe, ndi kubviikidwa m'ndowa masiku angapo, cifukwa cimatulutsa mtundu wonga wa tiyi. Mtunduwo suononga nsomba.

Timadontho tofiirira tondandalikana kunsi kwa tsamba si matenda ai, ndi mbeu zace. Tsamba likakalamba limaphuka tiana kunsonga, tokhala ndi timasamba ndi timizu tace. Tikafika msinkhu wa cala caching'ono tithotholedwe ndi kumangidwa pa mwala wina.

JAVA MOSS

Ici cimaoneka ngati timaulusi tobiriwira topiringizana, tokhala ndi timasamba tating'ono kwambiri. Ngakhale cifanana ndi ndere, sindiyo ndere yoononga ija. Kwao ndi ku Asia komweko. Cilibe mizu yeni-yeni, koma cimadzimata pa mwala, pa cikuni ngakhale pa phale. Cimapirira kuwala kocepa, ndiponso madzi ozizira a mu June ndi July, pamene zomera zina zimaima kukula.

Ubwino wace waukulu ndi kwa ana a guppy ndi platy, amene amabisala m'menemo ndi kudya tizirombo tating'ono tokhala m'timaulusimo. Pomanga ciyalidwe mopyapyala, cifukwa cikaunjikana zam'kati zimasowa kuwala ndi kuola. Cimakola zinyalala, tsono kamodzi pa mwezi mwala wace utulutsidwe ndi kugwedezedwa m'madzi ocokera m'thanki momwemo, ndipo zotalika zimetedwe ndi sizasi.

CRYPTOCORYNE WENDTII

Osunga nsomba amangoti crypt. Kwao ndi m'mitsinje ya ku Sri Lanka. Cimatalika masentimita 10 mpaka 20, ndipo masamba ace ndi a makwinya m'mphepete, ena obiriwira ena ofiirira. Munthu wofuna mtundu wofiirira m'thanki popanda nyali yamphamvu angaupeze pa comera ici.

Mwa zinai zonse, ici cokha ndico cobzala pansi. Cimadyera ku mizu, cotero cifuna mcenga wokhakhala kapena timiyala tating'ono tokwana masentimita 5 kuya kwace. Mizu ikwiririke, koma pamene masamba ayambira pakhale poonekera.

Cili ndi khalidwe limodzi limene limanyenga ambiri. Cikasamutsidwa, masamba ace angasungunuke onse m'masiku ocepa, nkutsala ngati therere. Mwini thanki amaganiza kuti cafa, nacizula. Koma mizu imakhala ili moyo. Masamba osungunukawo acotsedwe, mizu isiyidwe pomwepo, ndipo pakapita masabata atatu kapena anai masamba atsopano amatuluka. Cikagwira cisasunthidwenso. Cimatumiza mphukira zace pansi pa mcenga ndi kudzaza malo cokha.

NANGA VALLISNERIA?

Comera cija ca Warington cimameranso m'malo osaya a Nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika. Masamba ace ali ngati udzu wautali, ndipo cimakonda madzi aja osiya zoyera mu ketulo, monga a m'mabowo ambiri a ku Lusaka. Ndi cosabvuta, koma si cacifupi. Masamba amafika masentimita 50 kapena kuposa, ndipo cimayanga ngati kapinga. Ciyenera thanki yaikulu. M'thanki ya malita 54 cifuna kuzulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo nchito ija munthu anali kuithawa yabweranso.

ZOYENERA KUZISIYA M'SITOLO

Zoyamba ndi zomera zofiira kwambiri ndi zija zoyala pansi ngati kapeti. Pa zithunzi za pa intaneti zimakongola cifukwa eni ace ali ndi nyali zamphamvu ndi mabotolo opopera carbon dioxide m'madzi. Popanda zimenezi zimafa pa mwezi umodzi.

Zaciwiri ndi zokula mopitirira. Amazon sword imagulidwa ili ndi masamba asanu, koma imafika masentimita 50 ndi kudzaza thanki yonse yokha.

Zacitatu ndi zomera zimene si za m'madzi konse ngakhale zigulitsidwa zitamizidwa. Citsanzo ndi lucky bamboo wa m'mabotolo a pa tebulo. Mizu yace ingakhale m'madzi, koma masamba akamira amaola. Comera ca masamba a mizere yoyera kapena yofiira, cofanana ndi maluwa a pakhonde, ciyenera kukayikiridwa.

Zacinai ndi zoyandama za m'mitsinje ndi m'madamu. Dziko lino lidziwa kale bvuto lace. Salvinia, wochedwa Kariba weed, kwao ndi ku Brazil, koma mu 1962 anali ataphimba pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo asanu a Nyanja ya Kariba. Namasupuni, amene kuno amachedwa Kafue weed, nayenso anacokera ku South America, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anatseka mbali zina za mtsinje wa Kafue mpaka kusautsa asodzi. M'thanki zomera zotero zimaphimba pamwamba m'masiku ocepa, ndipo zapansi zimafa ndi mdima. Cina coyandama, cooneka ngati kabici kakang'ono, cochedwa Pistia, cimasunga mphutsi za udzudzu wa mtundu wa Mansonia, zimene zimadzimata ku mizu yace ndi kupumira momwemo.

Comera ciliconse cocotsedwa m'thanki ciyanikidwe pa dzuwa mpaka ciume, kenaka citenthedwe. Cisatayidwe m'ngalande kapena mumtsinje.

ZOMERA ZA KUDAMBO NDI LIKODZO

Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zomera za kudambo ndi zaulere ndipo zimaoneka bwino, koma ndizo nyumba ya nkhono zofalitsa likodzo. Nkhono za mtundu wa Bulinus zimanyamula likodzo la m'cikhodzodzo, ndipo za Biomphalaria zimanyamula la m'matumbo. Zonse ndi zazing'ono, zina zosaposa njere ya nyemba, ndipo zimabisala kunsi kwa masamba m'madzi odikha. Ku Ghana, damu la Akosombo litatha mu 1965, likodzo linaculuka kwambiri m'midzi ya m'mphepete mwa Nyanja ya Volta, ndipo nkhono zace zinali kupezeka zambiri m'comera cochedwa hornwort. Comera comweco cimagulitsidwa kwa osunga nsomba, ndipo cimameranso m'madamu a kuno.

Matendawa amayenda motere. Munthu wodwala akakodza kapena kucita cimbudzi m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo tiana tace timalowa mu nkhono. Pakapita mwezi umodzi kapena kuposerapo nkhonoyo imayamba kutulutsa tinyongolotsi tambiri-mbiri tosaoneka ndi maso, ndipo ingapitirize kutero masabata ambiri. Timeneti timaboola khungu la munthu m'mphindi zocepa cabe. Cotero ngozi ili pawiri: kwa mwana wolowa m'dambo kukazula zomera, ndi kwa aliyense wopisa dzanja m'thanki mmene mwalowa nkhono ya kudambo.

Si nkhono iliyonse ya m'thanki imene ili ndi likodzo. Nkhono yoswedwera m'thanki momwemo ilibe matendawa, cifukwa sapita kwa ana kudzera m'mazira a nkhono. Yoopsa ndi ija yocokera kumadzi kumene anthu amasamba ndi kucapa.

Mwana akayamba kukodza magazi, makamaka pothera pa mkodzo, kapena akamadandaula m'mimba ndi kucita cimbudzi ca magazi, apite naye ku kiliniki. Zizindikiro zimenezi zingacedwe miyezi iwiri kapena itatu cilowereni m'madzimo. Mankhwala ace ndi praziquantel, ndipo amacilitsa. Likodzo lolekerera limaononga cikhodzodzo, impso ndi ciwindi.

Zomera za kudambo zimabweretsanso misundu ndi ana a tombolombo, amene amagwira tiana ta nsomba ndi kutidya. Kopeza zomera kwabwino ndi m'sitolo ya nsomba za m'nyumba, kapena kwa mnzace wa munthu amene thanki yace yakhala nthawi yaitali popanda za kumtsinje. Zomera zogulitsidwa m'tikapu totseka, zokulira m'mankhwala onga jelo, zilibe nkhono konse. Zimenezi nkungotsuka jeloyo ndi kubzala.

MASABATA ATATU M'NDOWA

Comera cina ciliconse, ngakhale ca m'sitolo, cisalowe m'thanki tsiku lomwelo. Coyamba ciyang'anidwe tsamba ndi tsamba. Nkhono zicotsedwe, pamodzi ndi mazira ace, amene amaoneka ngati kamamina koyera komata kunsi kwa tsamba. Kenaka cibviikidwe mphindi 10 m'madzi othira potassium permanganate, mankhwala ofiirira aja otsukira zilonda. Timibulu tocepa cabe tikwanira, madzi angosintha mtundu pang'ono. Akaculuka amaocha masamba ndi khungu lomwe, ndipo asungidwe patali ndi ana. Comeraco citsukidwe bwino pambuyo pace.

Mankhwalawa samapha mazira onse. Ncifukwa cace comera cikhale m'ndowa ya madzi oyera pafupi ndi windo kwa masabata atatu. Mazira a nkhono amaswa pa sabata imodzi kapena ziwiri, tsono otsalira adzaonekera m'ndowamo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndowa imeneyi ilibe nsomba zodya mphutsi, ndipo nthawi yotentha udzudzu umakula kucokera ku dzira m'masiku 7 mpaka 10. Cotero ibvundikiridwe ndi nsalu yopyapyala ya keteni yomangidwa ndi mphira, madzi asinthidwe kawiri pa sabata, ndipo iikidwe posafikira mwana wokwawa. Neti ya udzudzu isagwiritsidwe nchito pobvundikira ndowa kapena thanki, cifukwa mankhwala a mu neti ndi poizoni woopsa kwa nsomba. Momwemonso popopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, pampu izimitsidwe ndipo thanki iphimbidwe bwino.

MANJA M'MADZI

Pali cifukwa cina cosankhira zomera zokula pang'ono-pang'ono: zimacepetsa kupisa manja m'thanki. M'madzi a nsomba mungakhale kacirombo kochedwa Mycobacterium marinum, kamene kanapezeka koyamba mu 1926 m'nsomba za mu aquarium ya ku Philadelphia ku America. Ndi kam'banja limodzi ndi kacirombo ka TB, koma sikapita kwa munthu wina pokhosomola. Kamalowera pa bala kapena pokalika. Pakapita masabata awiri mpaka anai, nthawi zina kuposa, pa cala kapena pa dzanja pamatuluka cotupa cofiira cosapola, ndipo zina zingatsatire mondandalika kukwera mkono.

Matendawa sacitika kawiri-kawiri, koma amacedwa kudziwika cifukwa wodwala saganiza zochula nsomba zace. Munthu wa cilonda cotero auze a ku cipatala kuti amasunga nsomba m'nyumba. Mankhwala ace amamwedwa miyezi ingapo. Anthu amene citetezo ca m'thupi cinacepa, monga okhala ndi HIV, odwala khansa kapena shuga, abvale magolovesi a mphira aatali, kapena asiyire wina nchito yotsuka. Wa bala pa dzanja adikire lipole. Aliyense asambe m'manja ndi sopo akamaliza, osati asanayambe, popeza sopo amapha nsomba. Asanayambe angotsukuluza manja ndi madzi okha.

Ndowa, sizasi ndi paipi za thanki zikhale zacezace, zisasakanizidwe ndi ziwiya za kukhichini. Pokoka madzi, paipi idzazidwe kaye ndi madzi a m'ndowa. Isayamwidwe ndi pakamwa. Pulagi ya pampu ndi nyali izulidwe manja asanalowe m'madzi.

KASAMALIDWE KA SABATA NDI SABATA

Zomera zinai zija zifuna kuwala maola 6 mpaka 8 pa tsiku. Nyali yaing'ono ya LED ikwanira. Thanki ikhale m'cipinda cowala, koma dzuwa lisaiombe mwacindunji, cifukwa limatenthetsa madzi ndi kumeretsa ndere. Madzi abwino kwa zomerazi ndi a madigiri 22 mpaka 28. M'nyumba ya malata mu October thanki ikhale ku khoma lozizira, ndipo usiku wa mu June ifundikidwe bulangeti magetsi akapita.

Popeza zimakula pang'ono-pang'ono, zimadyanso zonyansa za nsomba pang'ono cabe. Kusintha madzi sikulekeka. Sabata iliyonse gawo limodzi mwa magawo anai licotsedwe, ndipo madzi akalewo athiriridwe ku maluwa. Madzi a pa mpopi ali ndi klorini, amene amapha nsomba ndi tizirombo tabwino tija. Akhale m'ndowa yobvundikira ndi nsalu masiku awiri asanathiridwe m'thanki, makamaka nthawi ya kolera pamene klorini amaonjezeredwa. Banja lipitirize kuthira klorini m'madzi akumwa monga mwa masiku onse, koma madzi amenewo si a nsomba.

Feteleza wa kumunda, kaya D Compound kaya urea, asalowe m'thanki. Amaonjezera amoniya ndi kupha nsomba usiku umodzi. Ndowe za nsomba ndizo feteleza wokwanira. Ngati crypt yayamba cikasu, m'masitolo a nsomba muli timibulu tokwirira pafupi ndi mizu. Ndere ikaculuka, ndiye kuti kuwala kapena cakudya capitirira. Nsomba zidye kamodzi kapena kawiri pa tsiku, cakudya cotha m'mphindi ziwiri. Magetsi akapita nthawi yaitali cakudya cicepetsedwe, ndipo madzi atungidwe ndi kapu ndi kuthiridwanso kucokera m'mwamba kangapo kuti mpweya ulowe.

POYAMBIRA

M'thanki ya malita 54, Java fern mmodzi pa cikuni kumbuyo, Anubias awiri pa miyala m'mthunzi wa fern, crypt zitatu kutsogolo ca m'mbali, ndi Java moss wodzaza dzanja pa mwala umodzi zikwanira. Pakati pasiyidwe poyera posambira nsomba. Mwezi woyamba thanki idzaoneka yosadzaza, ndipo mtima udzafuna kuonjezera. Mwini thanki apirire. Ikatha miyezi 6 malo aja adzakhala atatsekeka, ndipo padzakhala tiana ta fern ndi zidutswa za Anubias zogawira anansi. Mnansi wolandira mbeu yoyera pakhomo alibe cifukwa cotumira mwana wace kudambo.